Musandigoneke

Pa moyo wanga pali nkhuku ziwiri zimene ndikazikumbukira mtima umandiwawa mpaka lero. Zonse zinalowa m'mimba mwa munthu mmodzi, amalume awo a amuna anga.

Amuna anga anali atelala. Makina awo ankakhala pakhonde la sitolo ina pamsika wathu, ulendo wa ola limodzi ndi theka kukafika kuchipatala cha ku Nguludi ukamayenda pansi. Kwawo ndi kwa Mpama, koma anabwera kudzakhala kwathu pachikamwini, ndipo tinamanga kuseri kwa nyumba ya mayi anga. Anali munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Wina akawaponda phazi, opepesa ankakhala iwo. Ine ndinabadwa ndi pakamwa, ndipo anthu ankati banja lathu linakhalitsa chifukwa wolongolola analimo mmodzi.

Matenda anawapeza chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, mwezi wa Seputembala, nthawi imene makolo ankaunjika nsalu za yunifolomu poti masiku amenewo sukulu zinkatsegulidwa mu Okutobala. Anayamba ndi kutsegula m'mimba, kunatha, tinaiwala. Patapita masabata awiri anayamba kudandaula dzanzi kumapazi. Ankati akaponda makina phazi silikumva chopondera. Ine ndinawaseka kuti ulesi wawayamba ntchito itachuluka. Tsiku lachitatu analephera kuimirira pampando, mpaka achimwene anga anakawatenga panjinga, mutu wa makina atamangirira kutsogolo.

Kufookako kunkakwera ngati madzi odzaza mumtsuko. Kunachoka kumapazi kufika m'mawondo, kenako m'chiuno, kenako m'manja. Munthu amene ankalowetsa ulusi pasingano akucheza ndi anthu anayamba kugwetsa supuni. Thupi silinkatentha, mutu sunkapweteka, chifuwa analibe. N'zimene zinatipusitsa tonse, chifukwa kwathu munthu wosabuula timati sanadwale kwenikweni.

Za mpweya ndinazizindikira pa tiyi. Ndinawapatsa kapu yotentha, iwo anasongola milomo kuti auzire, koma nthunzi sinagwedezeke n'komwe. Tsiku lomwelo mawu awo anayamba kuduka. Ankanena atatu, kupuma, atatu ena, kupuma. Akafuna kutsokomola kunkangotuluka kamawu kakang'ono kopanda mphamvu. Mapewa ankakwera ndi kutsika, mitsempha ya m'khosi ili tolotolo. Ndikawagoneka pamphasa maso ankatong'oka, ndikawadzutsa ankapezako bwino. Ndiye ndinawakhazika pakhonde pamene pamapita mphepo, thumba la chimanga kumsana, ndipo poti ankangotsetsereka ndinawakulunga chitenje m'khwapa n'kuchimanga kunsanamira. Tulo ankagonera pomwepo, chokhala.

M'mawa wina ndikuwapukuta kumaso anandiyang'ana nthawi yaitali, akusonkhanitsa mpweya.

"Amayi, musandigoneke," anatero. "Ndikagona, mpweya sukubwera."

Ndinawalonjeza kuti palibe amene awagoneke ine ndili moyo. Ndinalonjeza mosavuta, monga timalonjezera zinthu kwa odwala.

Wina afunsa chifukwa chake sindinathamangire nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Funso limenelo ndadzifunsa zaka zambiri ndipo yankho lake limandinyansa. Mkamwini ndi munthu wobwereka. Umuphikire, umuchapire, umubalire ana atatu, koma matenda akakula ali ndi eni ake. Ukamunyamula pawekha n'kukafera m'manja mwako, akwawo adzakufunsa chimene unkabisa. Mayi anga enieni anandiletsa. Anati titumize uthenga kwa ankhoswe, ankhoswe akauze akuchimuna, iwo abwere adzaone ndi maso awo, kenako tigwirizane kopita. Uthengawo unayenda masiku awiri. Njira ya ku Nguludi ndinkaidziwa bwino, ana anga onse ndinakaberekera komweko, koma ndinakhala pakhonde masiku awiri kudikira ulemu.

Anafika Lachisanu dzuwa litakwera. Patsogolo panali amalume awo, atavala jekete ndi chipewa ngati akupita kuukwati. Pambuyo panali alamu anga, achemwali awo aakulu a amuna anga, ndi azibambo anayi atanyamula nsungwi yaitali ndi bulangete zopangira machila. Alamu atangoona mlongo wawo anaponya mtolo pansi n'kuyamba kulira kuti mwana wa mayi awo wamangidwa pamtengo ngati mbuzi ya pamsika. Amalume sanakweze mawu. Anavula chipewa, anakhala pampando umene tinawapatsa, n'kunena kuti wodwalayo amasulidwe.

Ndinagwada patali monga ayenera mkazi pamaso pa apongozi. Ndinafotokoza za tiyi, za maso otong'oka, za mawu amene mwini wake anandiuza. Amalume sanandiyang'ane. Mayankho awo ankapereka kwa ankhoswe, ngati ine ndine wailesi yolira m'nyumba ya eni. Anati chibadwire sanaonepo wodwala akuchira ali chokhala. Anati chimene chamutopetsa mwana wawo n'kukhalako, ndipo n'zochititsa manyazi kuti anthu odutsa m'njira aziona munthu wa kwa Mpama atamangidwa pakhonde la akazi ake. Amuna anga anayesa kulankhula. Anatulutsa liwu limodzi lokha, lakuti amalume, mpweya n'kuwathera. Amalumewo anawagwira phewa n'kuwauza kuti asadzivute, eni ake afika.

Anamasula chitenje changa. Anawanyamula anthu anayi, kuwalowetsa m'nyumba, kuwagoneka chagada pamphasa, kuwafunditsa mabulangete awiri, n'kutseka zenera kuti mphepo ingawalowe. Ndinaona maso awo akundifunafuna pakati pa miyendo ya anthu. Ndinadzuka kuti ndilowe, koma mayi anga ananditsina pamkono n'kundinong'oneza kuti alendo achokera kutali ndipo sanadye.

Ndiye ndinapita kukathamangitsa nkhuku. Ndilembe bwinobwino kuti aliyense amve: amuna anga akubanika m'nyumba, ine ndinali kuseri kwa nkhokwe kuthamangitsana ndi thadzi lamawangamawanga. Ndinaligwira, ndinalizinga, ndinalisosola, ndinalikazinga ndi tomato. Pansi pa mtengo wa mango akuluakulu ankakambirana nkhani zikuluzikulu. Ankafunsana chifukwa chake uthenga unachedwa, amene anayenera kuuzidwa poyamba, ndiponso ngati sikunali bwino kupita naye kwawo kumene kunali munthu wodziwa mizu. Za chipatala zinatchulidwa kamodzi, n'kuikidwa pambali kuti aziona akadya. Ndili pamoto alamu anatulukira kukhitchini nkhope itamasuka. Anati mlongo wawo wasiya kuvutika kuja, mapewa akhala pansi, wagona tulo tabwino. Anawonjeza kuti munthu ankangofuna kugona basi, ena akumukaniza.

Ndinapereka chakudya, ndinathira alendo madzi m'manja, ndipo atayamba kudya ndinazemba n'kulowa m'nyumba. Munali mdima ndi fungo la thukuta. Nditatsegula zenera ndinaona kuti mapewa akhaladi pansi. Khosi linali litasiya kugwira ntchito ija. Akamakoka mpweya, mimba m'malo mokwera inkalowa m'kati, pang'ono pokha, kenako kudikira nthawi yaitali. Milomo inali yotuwa ngati phulusa, zikhadabo zitada. Ndinawaitana, ndinawagwedeza. Anatsegula maso theka koma sanandidziwe.

Ndinataya mabulangete uko, ndinawakoka m'khwapa, ndinakhala kumbuyo kwawo msana wawo uli pachifuwa panga, n'kukuwa dzina la achimwene kuti abweretse njinga. Anthu anathamangira pakhomo. Amalume anaima pakati pa chitseko, zala zili noninoni ndi mafuta a nkhuku yanga.

"Mayi, mugonekeni pansi mwanayo," anatero. "Ameneyu ndi wathu. Tikatha kudya tikuuzani chochita."

"Ngati ndi wanu mupumireni," ndinayankha. "Mwabwera kudzaona wodwala kapena kudzadya nkhuku? Chokani pakhomopo, nkhalamba yopanda nzeru inu."

Mayi anga anagwira pakamwa. Ankhoswe anayang'ana pansi. Amalume anapatuka, osati chifukwa chomva, koma chifukwa chibadwire mkazi anali asanawalankhulepo choncho ndipo miyendo inangowasuntha yokha.

Amuna anga tinawakhazika pakaliyala wa njinga. Achimwene ankakankha njinga, ine ndikuyenda pambali nditawakumbatira kuti asagwe, mutu wawo uli paphewa langa. Titadutsa dimba loyamba ndinaona dzanja lina likuwagwira mbali inayo. Anali alamu, akulira chamumtima, osandiyang'ana. Azibambo anayi aja ankatitsatira ndi machila opanda munthu. Amalume anatsala, ati kuti atsanzike bwino kwa eni mudzi. Njira yonse ndinkaika tsaya langa pafupi ndi mphuno zawo kuti ndimve ngati kampweya kakutulukabe.

Kuchipatala sanatifunse zambiri. Adokotala, bambo wamfupi wa imvi, anaika chomvera pachifuwa, anayang'ana milomo, n'kuitana anamwino mofulumira. Nditaona akuwatsitsira pabedi ndinalumpha kuwagwira dzanja, ndikukuwa kuti asawagoneke. Namwino wina anandichotsa mwaulemu n'kundiuza kuti tsopano palibe vuto, awapumira ndi iwo. Analowetsa chubu pakamwa mpaka kukhosi, kumapeto kwake analumikiza thumba lakuda lamphira lalikulu ngati papaya, n'kuyamba kulifinya. Chifuwa cha amuna anga chinakwera bwinobwino koyamba m'masiku anayi. Patapita kanthawi milomo inayamba kubwerera mtundu wake.

Adokotala anatiitanira pakhonde, ine, alamu ndi achimwene. Anati mapapo ndi oyera, alibe chilonda ngakhale madzi. Chimene chafooka ndi minofu yokoka mpweya. Anatikumbutsa kanyama kopyapyala kamene timakapeza pansi pa nthiti tikamatumbula mbuzi, kolekanitsa chifuwa ndi matumbo. Anati kameneko ndi kamene kamakoka mpweya mwa munthu, ndipo matenda a mitsempha amene anayambira kumapazi afika mpaka pakanyamako. Kakafooka, minofu ya m'khosi ndi m'mapewa imathandiza, koma imeneyo sinapangidwire ntchito ya usana ndi usiku, imatopa n'kusiya. Munthu wotere akakhala tsonga matumbo amatsika n'kumupatsa malo, akagona chagada amakankhira m'chifuwa. Tulo timene alamu anationa sitinali tulo. Unali mpweya woipa utadzaza m'magazi n'kumuledzeretsa. Kenako anafunsa amene anaganiza zowakhazika masiku onsewo. Ndinati ndine. Anagwedeza mutu n'kufunsa amene anawagoneka, ndipo palibe anayankha.

Mankhwala ake, anatero, ndi kupumitsa minofuyo, wina awapumire mpaka mitsempha idzuke. Makina ochita zimenezo anali kuchipatala chachikulu ku Blantyre, ndipo galimoto yonyamula odwala inali itapita ulendo wina, yobwera m'mawa mwake. Kufikira nthawi imeneyo panafunika manja. Anamwino anali ndi wodi yonse yowadikira, choncho anatiphunzitsa ife. Ufinye mpaka chifuwa chikwere, usiye, uwerenge mpaka folo, ufinyenso. Usathamange, usagone, usasiye ngakhale ntchentche ikutere pamphuno.

Poonera zinkaoneka ngati masewera. Pakutha mphindi khumi ndi zisanu chala chachikulu chinkayaka moto. Pakutha theka la ola mkono wonse unkanjenjemera mpaka m'phewa, ndipo thumba lofewa lija linkalimba ngati mwala. Pamenepo m'pamene ndinamvetsa ntchito imene amuna anga ankagwira pakhonde paja masiku anayi opanda wowalandira. Ndinalira ndi ukali, ndikufinya, ndikuwerenga. Alamu poyamba ankathamanga chifukwa cha mantha mpaka namwino anawadzudzula, koma atazolowera anali ndi dzanja lokhazikika kuposa tonse, dzanja la munthu wosinja. Tinkalandirana atatu, ine, iwo ndi achimwene. Ine ndi alamu sitinalankhulane liwu ndi limodzi lomwe. Wina akatopa ankangotukula chigongono, mnzake n'kulowetsa dzanja pansi pa lake kuti mpweya usaduke.

Amalume anafika dzuwa litapendeka, chipewa chili m'manja. Anaima kumapazi kwa bedi n'kuyang'ana chubu chija nthawi yaitali. Namwino, posadziwa kuti ndi ndani, anawauza kuti asambe m'manja alandireko amayiwa atopa. Iwo anati imeneyo ndi ntchito ya anthu ophunzira, ndipo kunali koyenera kuti wamkulu abwerere kumudzi akadziwitse anthu mmene zinthu zilili. Tinamva pambuyo pake kuti atafika kwa Mpama anayamba kufunsa za matabwa a bokosi la maliro. Mwana anali wawo pomugoneka, koma pomupumira anali wa ife.

Tinafinya mpaka kunacha. Galimoto itabwera namwino anakwera ndi thumba lija, ine pambali pake, zala zanga zitapindika osatheka kuwongoka. Ku Blantyre anawaboola pakhosi n'kuwalumikiza ku makina amene ankachita mosatopa zimene zinatithyola mikono anthu atatu. Anakhala pamakinawo masabata asanu. Ankawayamwa makhololo ndi kapaipi, kuwatembenuza kuti asachite zilonda, kuwapinda manja ndi miyendo kuti isaume, kuwadyetsa phala lamadzi kudzera m'mphuno. Ine ndinkagona kumalo a odikira odwala. Mvula yoyamba inagwa ndili komweko, ndipo munda wanga anandibzalira mayi ndi ana. Alamu anabwera kawiri. Ankakhala pafupi ndi khutu la mlongo wawo n'kumawafotokozera za kumudzi, iwo akungophethira poti mawu analibe.

Mphamvu zinabwerera kuchokera kumwamba kutsika. Mapewa anayamba, kenako zigongono, kenako zala. Anayamba kuwachotsa pamakina pang'onopang'ono monga timaletsera mwana bere, mphindi zochepa lero, ola mawa, kenako tsiku lonse. Ine ndinkaima pambali maso ali pamimba pawo, kuona ngati ikukwera kapena ikulowa m'kati.

Tsiku lina m'mawa namwino anatseka kabowo ka pakhosi n'kuwauza kuti ayese kulankhula. Masabata asanu ndinali ndikuganizira mawu amene adzayambe kunena. Ndinkati mwina afunsa za ana, mwina apempha madzi, mwinanso, poti munthu sulephera kulota, anena kanthu kokhudza ine. Ndinawerama mpaka khutu langa linagunda milomo yawo.

"Amayi," ananong'ona. "Amalume aja, munakawapepesa?"

Ndinawongoka, ndinatuluka m'wodi, ndinakaima kumpopi kumene amayi ankachapa. Ndikanakhala pafupi ndikanalankhula mawu oti namwino akanandithamangitsa. Mpweya umene ndinaufinya ndi manja anga mpaka zala kupindika, woyamba kutuluka unapita kwa munthu amene anawagoneka.

Titabwerera kumudzi ndinawafunsa ngati akukumbukira zimene anandipempha pakhonde paja. Anati akukumbukira pang'ono. Nanga za mphasa, mabulangete awiri, zenera lotseka? Anati ayi. Chomaliza chimene ankachikumbukira chinali amalume akuvula chipewa, ndipo mtima wawo unakhala pansi poona kuti akwawo afika. Kuchokera pamenepo mpaka ku Blantyre munalibe kanthu m'mutu mwawo. Zimene ankadziwa za tsikulo n'zimene alamu anawanong'oneza, zakuti akazi awo anatukwana mwini mbumba pamaso pa anthu. Sindikuti alamu ananama. Ananena zoona, anangosiya zina.

Ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi n'kugamula kuti ndikapepese ndi nkhuku. Ndinakana miyezi itatu. Amuna anga sanandikalipire, sankadziwa n'komwe kukalipa. Ankangoti akamaphunzira kuyenda ndi ndodo pabwalo, n'kuima, n'kunena kuti nkhani ija ikuwasowetsa tulo. Munthu amene ndinamulanditsa kwa imfa ankaonda ndi nkhawa ya ulemu wa amalume ake. Pamapeto pake ndinagwira tambala, ndinamumanga miyendo, tinakwera basi ya kwa Mpama.

Ndinagwada pabwalo, anthu atazungulira. Ndinanena kuti pakamwa panandilakwitsa. Amalume analandira tambalayo, anamuyeza kulemera m'manja, n'kunena kuti nkhani yatha, mwana salakwira kholo kawiri. Kenako anauza anthu kuti tiyamike Mulungu poti iwo anafika msanga tsiku lija, kupanda kutero bwenzi tikunena zina. Anthu anavomera. Alamu anali pakhomo la khitchini. Anayang'ana manja awo, anayang'ana ine, n'kulowa m'kati kukatereka madzi ososolera tambala.

Pobwerera, kuchoka pamudzipo kukafika pamsewu panali kamtunda. Amuna anga anatopa pakati pake n'kukhala pamwala, ndodo ili pakati pa miyendo, akupuma mwabefu. Mpweya utabwerera anandiyang'ana ndi nkhope yosangalala imene ndinali ndisanaione chidwalireni. Anandithokoza kwambiri. Anati ndapepesa bwino, mwaulemu, ndipo tsopano agona tulo.

Ndinaima pambali ndikuyang'ana chifuwa chawo chikukwera ndi kutsika pansi pa malaya amene anasoka okha. Patapita kanthawi ndinazindikira kuti milomo yanga ikuwerenga mpaka folo, ndipo dzanja langa lamanja likufinya mfundo ya chitenje, kusiya, n'kufinyanso.